Graphene wanga anasowa alendo ali pakhomo

Mu 2004, Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a ku University of Manchester anatenga graphite, chakuda chija chili m'kati mwa pensulo, n'kumamusenda ndi selotepi mpaka anatsala ndi kachigamba kochindikala atomu imodzi yokha. Ndiye graphene ameneyo. Pofika 2010 anali atalandira mphoto ya Nobel. Nditayamba kuphunzira mu labu ndinkati basi, ngati Nobel amabwera ndi selotepi, ine ndangochedwa kubadwa.

Ntchito yake ndi yozunza. Mu graphite wochindikala milimita imodzi muli magawo pafupifupi 3 miliyoni osanjikizana, iwe ukufunapo limodzi. Umamata, kumatula, kumatanso, kenako n'kudinda selotepiyo pa kachidutswa ka silicon, chophwanyika ngati galasi, kokutidwa ndi oxide, chikuto chopyapyala kwambiri cha mananomita 300 (milimita imodzi ndi mananomita 1 miliyoni), chifukwa popanda chikutocho suona kanthu. Gawo limodzi limamwa 2.3 peresenti yokha ya kuwala, ndiye umangoti gwa pa maikulosikopu, kusaka kamthunzi kapepo pamalo pomwe ndi papepo kale, misozi ili chuchuchu. Zomwe ndinkapeza ine ndi zinyenyeswa zokhuthala, guluu wa selotepi, ndi tsitsi la nsidze zanga zomwe, limene ndinatsala pang'ono kulilengeza.

Tsiku lina kachigamba ka graphene kanaoneka. Kosalala, kopanda chilema, ndipo makina a Raman, oyeza zinthu pogwiritsa ntchito kuwala, anavomereza kuti ndi gawo limodzidi. Aprofesa, munthu wosaseka wamba, anandigwira chanza.

"Masana ano kukubwera alendo opereka ndalama za kafukufuku. Ufotokoza ndiwe. Ukasunge bwino."

Ndinakasungadi bwino. Kachidutswako n'kosaposa chikhadabo, ndiye ndinakakhazika pa selotepi, mbali yomata ili m'mwamba, kuti kasatsetsereke. Patebulo panali podzaza, ndinayamba ndaika pa mpando kuti ndipeze kabokosi. Foni inalira. Ndinayankha, ndinakhala pansi, ndinacheza bwinobwino. Nditadzuka, kachidutswa kulibe.

Labu yonse inagwada. Anthu a madigiri awiriawiri ankakwawa pansi pa matebulo ndi matochi a m'mafoni. Ndinakhuthula bini, ndinafika pofunsa amayi otikonzera mu labu ngati sanasese kanthu konyezimira.

"Mwananga, ine zinyalala zanuzi ndinasiya kalekale kuzikhudza. Ndikataya selotepi yakuda mumati ndataya sayansi."

Alendo anafika tikusakabe. Aprofesa anandinong'oneza kuti ndiwatangwanitse ndi mawu, ndipo pakamwa pokha ndiye sindichepa. Ndinawauza za maatomu a kaboni olumikizana m'makona 6 ngati chisa cha njuchi, za magetsi ndi kutentha zomwe zimadutsamo mosavuta, za achibale ake opyapyala monga boron nitride ndi molybdenum disulfide. Ndinatchulanso chitsanzo chomwe a komiti ya Nobel anapereka: nsalu ya graphene ya mita imodzi mbali zonse ikhoza kunyamula mphaka wa makilogalamu 4, iyo yokha ili yopepuka kuposa ndevu imodzi ya mphakayo. Alendo anagwedeza mitu. Mtima unakhala m'malo, ndinatembenuka kuti ndijambule pa bolodi.

Kunangoti zii. Kenako wina anatsokomola chitsokomolo chosakhala cha chimfine.

"Achimwene," anatero mmodzi mwa alendowo mwaulemu wonse, "kodi chimene chikunyezimira kumbuyo kwanuko ndi mbali ya chionetserochi?"

Ndinati ndifikitse dzanja, aprofesa n'kukuwa: "Usagwire! Werama!"

Ndinawerama, manja pa bolodi, pamaso pa anthu a masuti. Aprofesa anavala magolovesi, anatenga kopanira, n'kuyamba kumatula selotepi pa thalauza langa pang'onopang'ono, uku akufotokozera alendo kuti kamatulidwe koyenera ndi kameneka, kosathamanga, ndipo ophunzira ambiri amalephera pomwepa. Mlendo wina anali akulemba notsi.

Silicon sachedwa kusweka, ndipo wanga anali atasanduka tizidutswa. Tinaikabe chachikulupo pa maikulosikopu. Pa sikirini panatuluka ulusi wa thalauza wooneka bwino kwambiri, graphene osaoneka ngakhale fungo.

"Koma bwana," ndinayesa kudziteteza, "si paja amati ndi wolimba kuposa chitsulo?"

Aprofesa anavula magolovesi, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka pamene panachitikira ngozipo.

"Anati mphaka, mnyamata iwe. Wa makilogalamu 4."