Koma liu loti "shit" ili abale

Tsiku lina ndinamutumizira mnzanga wina wa ku America kanyimbo kena kamene ndimakakonda, iye kuyankha kwake anangoti "this is the shit". Ine mtima unawawa, ndati ndamulakwira chani munthuyu mpaka nyimbo yanga aitchule manyi? Ndinatha masiku awiri osamuyankha, kenako ndi pomwe ndinadzamva kuti amatanthauza kuti nyimboyo ndi yobeba heve.

Nkhani yonse yagona pa kaliu kakang'ono aka koti "the". Munthu akati chinthu "is shit" ndiye kuti ndi chachabechabe, koma akangoikapo "the" patsogolo basi zatembenuka, wachiyamikira. Ine mpaka pano zimandizungulitsa mutu.

Tanthauzo lenileni la "shit" ndi manyi, tisazembe. Ndipo si ladzana, mu Chingerezi chakale cha zaka pafupifupi 1,000 zapitazo munali liu loti scitte lomwe limatanthauza kutsegula m'mimba, Ajeremani nawo ali ndi lawo lofananako, Scheiße. Nkhani ija imazungulira pa intaneti yoti linachokera ku mawu oti Ship High In Transit omwe ati amalembedwa pa matumba a manyowa mu sitima zapamadzi ndi bodza lamkunkhuniza, osamaifowada.

Chomwe chimandiseketsa ndi choti eni ake akamalitchula nthawi zambiri za kuchimbudzi sizikhalamo m'mutu olo pang'ono. Foni yagwa pansi sikirini yasweka, liu loyamba kutuluka mkamwa ndi lomwelo, wina akulongedza zovala zake akuti "my shit" kutanthauza katundu wake basi, wina akumunamiza iye amvekere "bullshit", zomwe kuzimasulira ndendende ndi ndowe za nkhunzi koma akunena kuti zabodza izo, usandipusitse.

Koma musanamizike ndi mafilimu, ndi kutukwana ndithu. Mu 1972 katswiri wa nthabwala wa ku America George Carlin analiika pa mndandanda wa mawu 7 oti sungawatchule pa TV, ndipo mpaka lero mawayilesi ambiri amalibisa ndi kaphokoso kaja ka piiii. Nchifukwa chake ena likafika pa lilime amalikhotetsa nkuti "shoot" kapena "sugar", makamaka pakakhala ana kapena bwana.

Vuto lathu ife ndi lina. Chichewa chili ndi mavawelo 5 okha ndiye i wathu ndi mmodzi yemweyo, pomwe Chingerezi chili ndi i wautali wa mu "sheet" ndi wamfupi wa mu liu lathuli. Ine pa miting'i ina ya pa Zoom ndinapempha kuti anditumizire Excel sheet, ndinangoona mayi wina wachizungu wagwira pakamwa mapewa akugwedezeka. Kuyambira tsiku limenelo ndimangoti file.