Thanthwe limene limalanda golide m'madzi

Mtima wanga wakhala pansi tsopano, chifukwa funso limene lakhala likundisowetsa mtendere m'phunziro la migodi layankhika: madzi otentha amodzimodzi akadutsa m'miyala yosanjikizana, yochokera ku matope ndi mchenga wa pansi pa nyanja zakale, n'chifukwa chiyani golide amatsalira m'gawo limodzi n'kudumpha linzake? Za ming'alu ya m'miyala imene madziwo amakwerera kuchokera pansi sindinenapo pano.

Yankho lili pa sulufule. Golide sayenda yekha m'madzi a pansi pa nthaka, koma amasungunuka atagwirana ndi sulufule, ndipo sulufuleyo akapanda kumusiya, golide amapitirira ulendo. Madziwo akafika pa thanthwe lokhala ndi ayironi, sulufule amakakamira ku ayironiyo n'kupanga pyrite, kamwala konyezimira kooneka ngati golide, ndipo golide, pokhala wopanda womunyamula, amakhazikika pomwepo. Choncho thanthwe si nkhokwe yongolandira chimene chabwera ayi, limagwira nawo ntchito yokoka golide m'madzi.

Ndidazimvetsa bwino powerenga za migodi ya Carlin ku Nevada, m'dziko la America, kumene kukumba kudayamba mu 1965. Kumeneko golide ali m'miyala ya laimu yosakanikirana ndi matope, monga gawo la miyala limene akatswiri amalitcha Roberts Mountains, ndipo adalowamo zaka pafupifupi 40 miliyoni zapitazo, miyalayo itakhala kale zaka mamiliyoni mazanamazana. Madzi okhala ndi asidi pang'ono adasungunula laimu, zomwe zidatsegula timipata todutsa madzi ena komanso kumasula ayironi amene adali m'thanthwemo. Pyrite yatsopano yokhala ndi aseniki (mchere wa poizoni wopezeka m'miyala) idamera ngati khungu lopyapyala kuzungulira pyrite yakale, ndipo m'khungu limenelo ndi mmene muli golide, wochepetsetsa moti ndi maso saoneka, ngakhale munthu atapera mwalawo n'kuusefa m'madzi.

Ine ndikukhulupirira kuti kabotolo ka asidi wosungunula kamaphunzitsa zimenezi kuposa buku lililonse. Ukadontheza pa mwala wa laimu wosasinthika, pamatuluka thovu nthawi yomweyo, koma ukasuntha pang'ono n'kudontheza pamene madzi aja adadutsa, dontho limangolowa mwakachetechete, ndipo chidutswacho chimapepuka m'manja, nthawi zina n'kumafumbutuka ukachikanda ndi chikhadabo. Chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu amathera nthawi yambiri kutiloweza mayina a mitundu ya migodi ndi zizindikiro zake, pamene mpata wogwira miyala yeniyeni ndi wochepa kwambiri, ndipo mayeso amafika tisanaone ndi maso chimene tikulemba.

Komabe mfundo imeneyi siikwanira paliponse. Ku Witwatersrand ku South Africa, kumene golide adapezeka mu 1886, ali m'miyala ya nsangalabwi zomatana, ndipo akatswiri ambiri amati adakokoloka ndi mitsinje yakalekale n'kudikha limodzi ndi nsangalabwizo, pamene ena amaumirira kuti adabwera pambuyo pake ndi madzi otentha. Ngakhale ku Carlin komweko mkangano ulipobe woti golideyo adachokera ku chiphala cha miyala yosungunuka ndi kutentha pansi pa nthaka kapena adatsukidwa kuchokera m'miyala yamatope yomweyo. Ine mtima ukundikokera ku chiphala, koma ndikawerenganso za kuchuluka kwa golide ndi aseniki mu pyrite ya m'matope akuda a pansi pa nyanja, ndimayambanso kukayika.