Ulendo wa ku boma: zimene amayi a sopo tinakaphunzira kwa katswiri wa m'labu

Loweruka lapitali gulu lathu la amayi opanga sopo ku Monkey Bay linapita ku Mangochi boma kukacheza ndi anzathu amene sopo wawo wafika kale m'magolosale. Chimene chinatinyamutsa ndi madandaulo a makasitomala: ena akuti sopo wathu amayabwa m'manja, ena akuti sachedwa kusungunuka. Tinakwera minibasi mamawa, kudutsa Nkopola, ndipo dzuwa lisanatenthe tinali titafika.

Anzathuwo anatilandira ndi thobwa, kenako anatipereka kwa bambo wachikulire amene amawalangiza. Bambowa anaphunzira kemisitiri ku Chancellor College ku Zomba, n'kukagwira ntchito m'labu ya fakitale ya sopo ndi mafuta ophikira ku Blantyre mpaka kupuma. Ntchito yawo, anati, inali yoyeza mafuta akangofika, kuyeza sopo asanatuluke pageti, ndi kufufuza njira yochepetsera mtengo popanda kuwononga katundu. Ena amaganiza kuti munthu wa m'labu amangosakaniza timadzi tamitundumitundu. Iwo anatisonyeza makope akale odzaza manambala, tsamba lililonse lili ndi deti.

Anatenga sopo wathu, kumudula pakati, n'kuloza timadontho toyera m'kati mwake.

"Amayi, soda mumayeza ndi chiyani?"

"Ndi kapu, bambo," anayankha amayi apampando.

Bambowo anapukusa mutu n'kutulutsa sikelo yaing'ono. Soda ankanenayo si wophikira ndiwo, koma kositiki soda, mankhwala aukali amene timasakaniza ndi mafuta popanga sopo. Anafotokoza kuti mafuta aliwonse amadya soda wake: kilogalamu imodzi ya mafuta a mpendadzuwa imafuna kositiki soda wa magalamu pafupifupi 135, pamene a kokonati amafuna woposa 180. Soda akachuluka, wotsalayo ndi amene amaluma khungu. Akachepa, sopo amakhala wamafutamafuta. Tinaona ndi maso soda akuthiridwa pang'onopang'ono m'madzi, ndowa ya pulasitiki n'kutentha osagwirika. Anatsindika kuti soda ndiye apite m'madzi, osati madzi kuthira pa soda, komanso kuti poto wa aluminiyamu asayandikire chifukwa soda amamudya. Sopo akaumbidwa adikire milungu inayi asanagulitsidwe. Apa ambiri tinayang'anana, poti ngongole ya kubanki mkhonde sidikira.

Titadya nsima ya utaka, mtsikana wina wa m'gulu lathu anafunsa chimene chinawakopa kuti asankhe ntchitoyi. Anatisimbira za Percy Julian, munthu wakuda wa ku America wobadwa mu 1899 ku Montgomery, Alabama, mdzukulu wa anthu amene anali akapolo. Digiri yake yapamwamba anakaitenga ku Vienna mu 1931, koma atabwerera kwawo makampani ena anamukana chifukwa cha khungu lake. Mu 1936 kampani ya Glidden inamulemba kuti atsogolere kafukufuku wa soya ku Chicago. Mu 1939 madzi analowa mwangozi m'thanki ya mafuta a soya, pansi n'kudikha zinthu zoyera. Wina akanangolamula kuti zitayidwe. Iye anaziyeza, napeza kuti muli mankhwala otchedwa stigmasterol, amene anayamba kupangira progesterone wambiri nthawi imodzi, mankhwala othandiza amayi pa nkhani za uchembere. Kuchokera ku soya yemweyo munatulukanso thovu lozimitsira moto limene asilikali apamadzi a America anagwiritsa ntchito pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pambuyo pake anatsegula kampani yakeyake, Julian Laboratories, ndipo anamwalira mu 1975.

Ine nkhaniyi inandigwira mtima, chifukwa soya ameneyu ndi yemwe abale athu amagulitsa kwa mavenda pamtengo wolira, osadziwa zimene zabisala m'kati mwake. Ndipo ana athu aakazi ambiri amathawa kemisitiri akangofika Fomu 3, poganiza kuti alibe naye ntchito.

Pobwerera tinagwirizana m'minibasi momwemo. Tisonkha ndalama ya sikelo, magolovesi ndi magalasi otchinga m'maso, ndipo mlembi azilemba muyeso wa mphika uliwonse m'kope lapadera. Sopo amene ali m'nyumba sitimugulitsanso wosambira. Bambo aja alonjeza kubwera kuno mwezi wamawa, ndipo tapempha aphunzitsi a sekondale yapafupi kuti atumize atsikana awo adzakhale nawo.