Mafinya a bakha satuluka pofinya

Lamulungu lapitali ndinali kuseri kwa nyumba ya amayi ku komboni ya Mchini ku Chipata, kamwana ka bakha kali pamiyendo, beseni la madzi ofunda lili patsogolo panga. Pamenepo ndi pomwe chinthu chimene chandizunguza mutu temu yonse, nkhani ya zotupa za pansi pa mapazi a abakha, chinandilowa bwinobwino, ndipo mpaka lero mtima wanga uli m'malo. Ndikulemba makamaka kwa anzanga amene tikuphunzira limodzi za umoyo wa ziweto. Za Staphylococcus aureus, kachilombo koyambitsa zotupa, ndi momwe amalowera pa kabala sindibwereza, tonse tinaloweza.

Bakha wa amayi, wa mtundu wa Muscovy, anakhalira mazira masiku ake 35 n'kuswa ana 14 mu Januwale, mvula ili pakati. Pofika sabata lachisanu atatu anayamba kutsimphina. Nditawatembenuza ndinapeza pansi pa phazi potupa, potentha, pakati pali kankhanambo kakuda ngati njere ya mpendadzuwa. Ndinachita zimene aliyense wa ife akanachita. Ndinagula oxytetracycline wa ufa m'tauni, mankhwala opha tizilombo, ndinasungunula m'madzi akumwa masiku asanu, ndinapaka GV, mankhwala apepo opaka pa zilonda, mpaka zala zanga zinasanduka zapepo. Palibe chinasintha. Kenako ndinayesa kufinya monga timachitira ndi chithupsa cha mbuzi. Sipanatuluke kanthu, kabakha kanangolira. Ndiye ndinaganiza kuti ngati mulibe mafinya, si matenda a tizilombo, ndipo ndinataya sabata lina ndikufunafuna vuto m'chakudya.

Amene anandiwongola ndi bambo wina wachikulire wa pafupi ndi kwathu, anagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto zaka zambiri kumidzi ya ku Chadiza asanapume. Anandipeza ndikufinyanso.

"Mwana wanga, ukufinya chiyani pamenepo?"

"Ndimayesa mwina muli mafinya, abambo, koma simukutuluka kanthu."

"Alimo. Kungoti mbalame si mbuzi. Bweretsa madzi ofunda ndi mchere."

Tinaviika phazi lija kwa mphindi 15. Nkhanambo itafewa anaitukula m'mbali ndi kapanira kowiritsa, pang'onopang'ono, osakoka. Pansi pake panali kanthu kachikasu, kolimba, konyenyeka ngati chimbala chouma, kakakulu ngati njere ya chimanga. Kanatuluka kathunthu n'kusiya kadzenje kofiira, koyera bwino. Anakaika m'dzanja langa pamwamba pa golovesi n'kunena kuti, "Mafinya ako ndi awa."

Usiku umenewo ndinabwerera ku manotsi ndipo mzere umene ndinaudumpha kangapo unayamba kuyankhula. Ife ndi ng'ombe ndi mbuzi tili ndi ma neutrophil, maselo oyera a m'magazi olimbana ndi tizilombo, amene ali ndi ma enzyme osungunula minofu yakufa, n'chifukwa chake mafinya athu ndi amadzi ndipo amatuluka chithupsa chikaphulika. M'malo mwake mbalame ili ndi maselo otchedwa ma heterophil, ndipo iwowa sasungunula motero. Zakufa zonse zimaunjikana, n'kuuma, thupi n'kuzikuta ndi chikopa cholimba. M'kati mwa chibuluma chimenecho simufika magazi. Ndipo kumene sikufika magazi, mankhwala akumwa safikako mokwanira. Oxytetracycline wanga uja ankazungulira thupi lonse la kabakha, tizilombo tili phee m'nyumba yawo yotseka. Mfundo yake ndi imeneyi basi, koma ikangolowa, zina zonse zimakhala pamalo pake. Ndinamvetsa chifukwa chake kufinya kumangovulaza, chifukwa chake chotupa cha m'maso mwa nkhuku ya chimfine chimakhalanso cholimba, ndiponso chifukwa chake madotolo amachita kutumbula n'kukokota m'malo mongoboola. Ndakhala ndikuyang'ana mbalame ndi maso a munthu wozolowera ziweto za miyendo inayi.

Chimene chinayambitsa ndinachiwona m'mawa mwake nditalowa m'khola opanda nsapato. Pansi pake ndi simenti yokhakhala, imene tinaika dala poganiza kuti ikhala yosavuta kutsuka. Abakha mukuwadziwa, akamamwa amamwaza madzi paliponse, zitosi zawo n'zamadzi, ndipo mvula ya Febuluwale inkalowa cha kukhomo. Phazi la bakha ndi lofewa, lopangidwira dambo ndi udzu. Likakhala tsiku lonse m'chinyontho cha zitosi khungu limafewa mopitirira, simenti n'kulipala, ndipo Muscovy amakula msanga, thupi likulemera pa phazi lomwelo. Tsopano tayala udzu wouma wochindikala, timasintha ukangonyowa, ndipo chomwera tachitulutsa panja. Amayi ankafuna tiyale makoko a nshawa popeza ali mbwee, koma ndinakana chifukwa m'nyengo ino sachedwa kuchita nkhungu, ndipo ana a bakha ndi amodzi mwa ziweto zosachedwa kufa ndi chuku.

Koma madzi amchere aja, anzanga! Ine ndafika poona kuti ndiwo mankhwala enieni, zina zonse n'zongothandizira. Madzi ofunda oti chigongono chako chipirire, mchere wodzaza supuni yaikulu mu lita imodzi, kawiri pa tsiku. Ena amagula Epsom salt ku famase, ine wa kukhitchini womwewu wandikwanira. Amafewetsa nkhanambo, amatsuka bala, kabakha kamadekha kakamva kufunda, ndipo iwe umakakamizika kukhala mphindi 15 ukuyang'anitsitsa phazi, zomwe sitimachita tikangothira ufa m'chomwera n'kuchoka. Pambuyo pake ndimaumitsa, ndimathira povidone iodine wosungunula, mankhwala otsukira mabala, kathonje pansi pa phazi, n'kumanga ndi kansalu koyera ka chitenje chakale, mosathina. Odwalawo akugona m'katoni mouma, kusambira ayi mpaka bala litatseka. Kabakha kachiwiri kanali kasanapange chibuluma, kanangofiira ndi kutupa pang'ono, ndipo kanachira ndi kuviika kokhaku popanda kukhudza kapanira. Ndikanayamba tsiku loyamba, ndikukhulupirira kuti onse atatu akanachira chomwecho. Mukamachita izi valani magolovesi, Staphylococcus yemweyo amalowanso pa bala la munthu.

Chimene chikundiwawa n'chakuti zonsezi zikanatha kunenedwa m'kalasi m'mphindi zisanu. Ndikumvetsa kuti kuno kum'mawa kwa Zambia nkhawa yaikulu ndi matenda a East Coast fever pa ng'ombe, African swine fever pa nkhumba ndi chitopa pa nkhuku, ndipo n'zoyeneradi kuti zitenge nthawi yambiri. Koma abakha tinawapatsa theka la phunziro limodzi, masana a Lachisanu, aphunzitsi akuthamangira kumaliza silabasi. Liwu loti heterophil linalembedwa pa bolodi pa mndandanda wa maselo a magazi, lopanda wotiuza kuti tsiku lina lidzatithandiza kusankha pakati pa kugula mankhwala ndi kuwiritsa madzi. Nditafunsa za mapazi a abakha ndinayankhidwa kuti n'chimodzimodzi nkhuku, tipitirize. Komatu pitani ku msika wa Kapata kapena muyende m'makomboni mphepete mwa mtsinje wa Lunkhwakwa muwerenge makomo amene ali ndi abakha. Amawasunga kwambiri ndi azimayi, ndipo ndi omwewo amene adzatiitana tikamaliza sukulu. Nthawi ya mapulakitiko nayonso ndi yochepa kwambiri, anthu makumi atatu kuzungulira ng'ombe imodzi, wogwira ndi mmodzi.

Sabata lija ndinataya pa chakudya silinapite pachabe kwenikweni. Ndinaphunzirapo kuti ana a bakha amafuna vitamini wotchedwa niacin wochuluka kuposa anapiye, ndipo odyetsedwa gaga yekhayekha miyendo imapindika ngati uta, yonse iwiri, pansi pa phazi pali bwinobwino. Tsopano ndisanaganize chilichonse ndimayamba ndatembenuza phazi.

Katsala ndi kachitatu. Chibuluma tinachotsa, bala likuuma, koma dzulo ndapeza kuti mfundo ya pamwamba pa phazi yatupa ndipo ikutentha, kabakha kakukana kuponda. Ngati tizilombo tafika mu mfundo kapena m'fupa, madzi anga amchere safikako, apa pakufunika dotolo ndi jakisoni woyenera. Amayi akuti, "Mwanawe, ndalama ya dotolo iposa mtengo wa bakhayo, ingomusiya." Sindinawayankhe. Mwina ndinachedwa, mwina pochotsa paja panatsalira kachidutswa, kapena mwina ndikuopa pachabe ndipo kutupaku n'kwa bandeji imene ndinathinitsa Lachitatu. Ndaimasula madzulo ano. Mawa m'mawa ndisanapite ku kalasi ndikagwiranso mfundoyo ndione ngati yazizira.