Pepala lachinayi la Shire wa kumtunda, ndi chala cha a malume

Dzulo usiku ndamaliza kupaka inki pepala lachinayi la mapu amene ndinayamba mu Meyi. Dera lake ndi ili: kuyambira pamene Shire amatulukira m'nyanja ya Malawi, kudutsa pa boma la Mangochi, mpaka kukathira mu Malombe. Ndikugwiritsa ntchito pepala la A3 ndi sikelo ya 1:50,000, ngati mapu a boma aja, ndiye kuti masentimita 2 papepala ndi kilomita imodzi pansi.

Mapepala atatu oyambawo ndinkangoonetsa anzanga a kuntchito. Aliyense ankati, "Eee, koma muli ndi dzanja!" Zinkandikoma, sindikana. Koma ndikabwerera patebulo madzulo ndinkasowa poyambira kukonza, chifukwa palibe anandilozera malo ngakhale amodzi.

Pepala lachitatulo ndinapita nalo kwa a malume, amene akhala akuwedza mu Malombe kuyambira ine ndisanabadwe. Analiyala pamphasa, n'kulitembenuza mpaka mtsinje wapapepala unaloza kumene kuli mtsinje weniweni. Za muvi wanga woloza kumpoto analibe nazo ntchito. Kenako anaika chala pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kunena kuti, "Tiye titsike ndi madzi." Chala chija chinayenda pang'onopang'ono, ngati bwato lopanda wopalasa, kenako chinaima.

"Iwe, apa ukuti munthu akocheze? Apatu ndi bango lokhalokha, mvuu zimagona momwemu. Doko lija waliika kuti?"

Doko ndinalibe, ngakhale limodzi. Gombe lonse ndinalijambula ndi mzere umodzi wosalala, kumchenga ndi kubango chimodzimodzi. Atafika mu Malombe anagwedeza mutu: ndinapaka buluu wakuda wofanana ndi wa nyanja yaikulu. Malombetu ndi wosaya, mamita ochepa chabe, pamene nyanja ya Malawi cha kumpoto imazama pafupifupi mamita 700. Kwa iwo mtundu uja unali bodza, ndipo anandiuza mosapita m'mbali. Mumtima munandiwawa, poti buluu ameneyo ndinathera naye madzulo awiri. Koma tsiku limenelo ndinabwerera ndi zokonza zisanu ndi ziwiri zolembedwa kuseri kwa pepala, chilichonse ndi malo ake.

Mawu amene andikhala kwambiri ndi akuti gombe limayenda. Anandikumbutsa mmene madzi anakwerera mu 2024, mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'minda ya m'mbali mwa nyanja. Mzere umodzi sunganene zimenezo. Ndiye papepala latsopanoli pali mizere iwiri: wakuda wa gombe la masiku onse, ndi wa timadontho wosonyeza pamene madzi amafika akakwiya. Bango ndalijambula ndi timizere titatutitatu toimirira, madoko ndi kachizindikiro ka bwato. Malombe tsopano ndi wotuwirako.

Si zonse zimene ndinamva zomwe ndatsatira. Aphunzitsi anga akale a jogalafe, amene anapuma ntchito, anatenga rula n'kuyeza mlatho wanga. Unali masentimita 3. "Mwana wanga, pa sikelo yakoyi wamanga mlatho wa kilomita ndi theka. Chinthu cha mamita 200 chimakwana pa mamilimita 4." Apa ndinagonja, mlatho ndauchepetsa. Koma anafunanso kuti nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ikhale kadontho chabe, ndipo pamenepa ndakana. Munthu aliyense pa boma akamalondolera mlendo amayambira pa wotchipo. Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Gwendolen ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Malo otere sindingawabise m'kadontho. Ndajambula nsanjayo moonekera, ndipo pa kiyi, pofotokozera zizindikiro za pamapu, ndalemba kuti chizindikirochi sichitsata sikelo. Dzina lakale la Fort Johnston ndaliika m'tizilembo ting'onoting'ono pansi pa Mangochi.

Mbali yondivuta kunena ndi ya pamene ine ndinali wopereka ndemanga. Mwana wa achemwali, wa Sitandade 7, ataona ndikujambula anapanga mapu ake a njira yochoka kunyumba kupita kusukulu, papepala long'amba m'kope. Anabwera nawo akumwetulira: "A malume, taonani." Ine ndinatenga bolopeni yofiira. Muvi wa kumpoto palibe, ndinachonga. Kiyi palibe, ndinachonga. Nyumba yaposa sukulu kukula, ndinachonga. Mwanayo anapinda pepala lake kanayi, n'kulibisa m'kope, osayankhula. Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga, chifukwa ndinadziwa kuti njira yake sindinaione n'komwe, ndinangosaka zosowa.

Loweruka lotsatira ndinamupempha atulutse pepala lija tiyende nalo. Ine kutsogolo ndi mapu, iye m'mbuyo, ndipo ndinamuuza kuti asandithandize. Mjigo unali pamalo pake. Mtengo wa mango, mzikiti, mayi wogulitsa usipa pansi pa mlambe, zonse zinabwera motsatana monga anajambulira. Nditafika pachigayo ndinakhotera kumanja, chifukwa papepala njira inali imodzi, pamene pansi zinali ziwiri. Anaseka, n'kundilanda pensulo: "Ayi a malume, iyi ndi yakudambo." Anawonjezera yekha kanjira kachiwiriko, atatsamiritsa pepala pakhoma la chigayo. Za kiyi anafunsa yekha tikubwerera, ataona kuti ndinatenga chizindikiro chake cha mjigo ngati mtengo.

Panopa akujambula msika, ndipo ndamupatsa mapepala anga awiri a A3.

Pepala lachisanu likhala la msewu wa M10, kuchoka pa boma kulowera ku Namiyasi mpaka Nkopola. Mnyamata wina wa kabaza walonjeza kuti adzaliyendetsa chala ndisanapake inki, poti tinjira tolowera kunyanja amatidziwa tonse. A malume akuti mwera ukaleka mu Ogasiti adzanditenga pabwato ndikaone ndekha pamene bango limathera cha kukamwa kwa Malombe. Cholembera changa cha mizere yopyapyala chauma, ndiyenera kupeza china Loweruka lisanafike.