Malumo a agogo akumetanso pa Dedza

Bizinesi yathu inayamba ndi kunola mipeni ya ogulitsa nyama ndi masizasi a matelala pamsika wa Dedza boma. Malumo opinda ometera ndevu anachita kutipeza okha. Anthu amawatulutsa m'masutikesi a malemu agogo awo, makamaka omwe anapita kumigodi ya ku Joni nthawi ya Wenela kapena ku Salisbury (Harare wa lero), ndiye amangofunsa kuti, "Achimwene, ili lingametenso?"

Ambiri mwa malumowa amakhala olembedwa Sheffield, ku England, kapena Solingen, ku Germany. Chitsulo chake chimathwa bwino koma chimadana ndi chinyezi, ndipo nkhungu ya kuno mu Juni ndi Julaye mukuidziwa. Dzimbiri la pamwamba silitivuta. Timayamba ndi sandipepala yokhakhala ya nambala 400, kukwera pang'onopang'ono mpaka yosalala ya nambala 2000, tikudonthezera mafuta a makina osokera.

Chomwe eni ake sakhulupirira msanga n'chakuti nthawi zambiri wadya lumo ndi chogwirira chake chomwe. Zogwirira zambiri zakale n'za pulasitiki yotchedwa celluloid. Ikakalamba imayamba kuola n'kumatulutsa mpweya wa asidi. Mudzaona dzimbiri lagwira mbali yokhayo imene imalowa m'chogwirira lumo likapindidwa, msana wa lumolo uli mbee. Chogwirira chotero sichichira, ndipo chimawononga ndi zitsulo zina zoyandikana nacho. Timachigumula tsiku lomwelo n'kuchitaya kutali, mwini wake kaya adandaule.

Chatsopano timasema kuchokera ku nyanga ya ng'ombe yomwe timagula kwa opha ng'ombe ku Lizulu. Timaing'amba, kuifewetsa ndi moto, kenako kuipana pakati pa matabwa awiri mpaka iwongoke. Ofuna mtengo timawapangira cha mlombwa, zidutswa zotsala kwa akalipentala. Ine ndimakonda nyanga, madzi saipinda msanga ngati thabwa lopyapyala. Za minyanga ya njovu ayi, sitikhudza n'komwe, ndi mlandu umenewo.

Ena timawabweza. Ngati dzimbiri lakumba timaenje kukamwa kwenikweni kwa lumo, kapena pali mng'alu, mukanola limangobenthuka. Lotero timangolipukuta kuti mwini wake alisunge pakhomo.

Lomwe lapulumuka limapita pamwala wonolera, kenako pa lamba wachikopa, mpaka lizidula tsitsi la pamkono osakanikiza. Popereka timanenetsa kuti lumo ndi la munthu mmodzi, osabwerekana ngakhale pachibale, ndipo mukameta muliumitse musanalipinde.