Sabata ya malipiro ku ofesi yosamalira anthu

Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma lina m'chigawo chakumwera, ndipo sabata yotsatana ndi kutha kwa mwezi ndi imene benchi la pakhonde pathu limadzaza tisanatsegule n'komwe. Lolemba lapitali ndinapeza mayi wina atakhala kumapeto kwa benchilo, mwana ali kumbuyo, ataphimba mbali imodzi ya nkhope ndi chitenje. Atachotsa chitenjecho, diso lamanzere linali litatupa mpaka kutsekeka. Ndisanafunse chilichonse, anayamba kuikira kumbuyo amuna awo: "Achemwali, bambo akunyumba ndi munthu wabwino akakhala kuti sanamwe, vuto ndi kachasu."

Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, ndipo sindiwatsutsa pamaso pa munthu wovulala, koma sindiwalembanso m'fayilo ngati gwero la nkhanza. Ndinawafunsa modekha kuti ndalama za geni yawo ya tomato amasunga ndani masiku amene bambowo sanalawe mowa, komanso ngati amaloledwa kukaona makolo awo. Anayang'ana pansi kwa nthawi yaitali, kenako anati, "Ngakhale foni yanga amasunga ndi iwo." Mowa umawonjezera ukali wa chibakera, izo n'zoona, koma mwamuna yemweyo samenya mnzake wa kumowa kapena bwana wake kuntchito, amadikira mpaka afike pakhomo. N'chifukwa chake uchidakwa ndi nkhanza timaziona ngati mavuto awiri, ndipo chitetezo cha mayi ndi ana sichidikira kuti bambo asiye kaye kumwa.

Tsiku lomwelo ndinawaperekeza kuchipatala kuti akalandire mankhwala ndi kalata ya dokotala, kenako ku Victim Support Unit, nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Ndinawafotokozera kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wochita nkhanza kuyandikira wozunzidwa, ngakhale kumuchotsa m'nyumba kuti mayi ndi ana atsalemo. Anadabwa, poti ankaganiza kuti wothawa nthawi zonse ndi mkazi. Madzulo ake bambowo anagwidwa.

Lachitatu m'mawa ndinaitanidwa chifukwa bambowo anali kunjenjemera m'chitokosi, thukuta lili kamukamu, akukuwa kuti pakhoma pakuyenda tizilombo. Ena ankati akunamizira misala kuti atulutsidwe. Munthu amene wakhala akumwa tsiku ndi tsiku kwa zaka akasiya mwadzidzidzi, pakatha masiku awiri kapena atatu amatha kusokonezeka mutu, kukomoka ngati wakhunyu, ngakhale kumwalira kumene. Tinapempha kuti apite naye kuchipatala, komwe anapatsidwa mankhwala okhazika thupi pansi otchedwa diazepam ndi vitamini B1. Iyenso ndi wodwala woyenera thandizo, ngakhale mlandu wake uli pomwepo. Chimene chimandiwawa n'chakuti malo othandiza osiya mowa ndi ochepa: a Saint John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, chipatala cha matenda a maganizo chili ku Zomba, pamene banja lotere likusowa ndi ya minibasi yomwe. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, koma kachasu akuphikidwabe kuseri kwa nyumba zambiri.

Lachinayi kunabwera ankhoswe a mbali zonse ziwiri kudzapempha kuti nkhani ithere pakhomo, poti mwamunayo walonjeza kusiya mowa. Ndinawalandira mwaulemu, koma mayiwo ndinalankhula nawo paokha, chitseko chili chotseka, chifukwa pamaso pa amalume awo akanavomera chilichonse. Anasankha kukakhala kwa mkulu wawo mpaka khoti ligamule.

Nkhani ya Lachisanu ndi imene ikundisowetsa tulo. Anafika mayi wa ana atatu, mlomo utang'ambika, akununkha mowa nthawi ya 9 koloko m'mawa. Anandiuza kuti anayamba kumwa kuti azitha kugona usiku akamenyedwa, ndipo tsopano abale ake omwe akukana kumusunga, akuti akuziyamba dala. Amaopanso kudandaula chifukwa mwamuna wake amamuopseza kuti chidakwa chidzalandidwa ana. Ndinamupatsa madzi ndi mpando, ndinadikira mpaka mutu wake utayera, ndipo ndinalemba mawu ake monga ndimalembera a wina aliyense. Mayi wina wa mpingo wake anavomera kumusunga pamodzi ndi anawo mpaka Lolemba, tsiku limene ndidzapite naye kwa namwino woona za matenda a maganizo pachipatala cha boma.